Mmene mungajambulire mapiri a Nyika nyengo ya mvula popanda kuononga kamera

Kuzizira kumene timakudziwa kuno ku Chipata mu June sikufanana ndi kwa ku Nyika. Malo amenewa ndi okwera mamita oposa 2,000. Mbali yaikulu ili m'Malawi, ndipo kachigawo ka Zambia, komwe kuli nkhalango ya Chowo, n'kakang'ono. Ndinapitako mu Januwale pa maphunziro ojambula malo, masiku anayi a mawawa, nkhungu ndi kuyenda.

Yambani ndi miyendo. Kutatsala milungu itatu kapena inayi, muzikwera phiri la Kanjala m'mawa mutabereka chikwama chomwe mudzanyamule, muli kamera, tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu) ndi madzi. Ku Nyika tinkadzuka 4 koloko n'kuyenda ndi tochi m'udzu wonyowa kuti dzuwa litipeze pamtunda, ndipo mpweya wa kumeneko umachititsa wefuwefu msanga.

Zovala pitani mukasankhe pa salaula ku Kapata. Funani juzi yaubweya, jekete losalowa madzi ndi masokosi ochindikala mapeya anayi. Jinzi isiyeni kunyumba, ikanyowa siuma ndipo imakuziziritsani tsiku lonse. Jeketelo lithireni madzi pamkono musanalipire. Ogulitsa ena amalumbira kuti silidontha pomwe nsalu yake inatha kale.

Msewu wokwera ku Nyika umadzera ku Malawi, ku Rumphi ndi pachipata cha Thazima, choncho konzani mapepala a pamalire ndi galimoto yamphamvu.

Mabatire atengeni atatu. Kuzizira kumawamaliza msanga, ndiye omwe simukugwiritsa ntchito muziwasunga m'thumba lamkati, pafupi ndi thupi. Chenjerani ndi aja a theka la mtengo. Langa lina ndinagula kwa mnyamata wa pa Facebook, lolembedwa dzina la kampani bwinobwino, koma linazima ndisanajambule zithunzi makumi atatu.

Tsopano pamene pandipweteka mpaka lero. Tsiku lachiwiri tinabwerera madzulo titanyowa, zala zitauma gwa. Ndinathamangira m'chipinda momwe munali moto, kamera ili pakhosi, ndikuti nayonso iume. Pasanathe mphindi ziwiri galasi la lenzi linachita mbuu. Ndinapukuta, linabwereranso. Nditaunika ndi tochi ndinaona timadontho tili mkati, kuseri kwa galasi, komwe kansalu sikafika. Kenaka ndinalakwitsa kachiwiri: ndinachotsa lenzi kuti ndione bwino, chinyezi n'kulowa mpaka pa sensa, kachipangizo ka m'kati mwa kamera kamene kamagwira chithunzi. Mphunzitsi wathu, bambo wachikulire, anangoti, "Achimwene, bwezeranipo msanga, musayatsenso." M'mawa mwake nkhungu inatseguka, mbidzi zitaima pachitunda dzuwa likuziwomba kumsana. Anzanga ankajambula, ine nditangoima. Patapita miyezi iwiri m'lenzimo munamera chuku ngati ulusi wa kangaude, ndipo ndalama yokonzetsera ku Lusaka inatsala pang'ono kufanana ndi yogulira ina yogwiritsidwapo kale ntchito.

Chimachitika n'chomwe mumaona pa botolo lochokera m'firiji, lija limachita thukuta mukaliika patebulo. Galasi lozizira likakumana ndi mpweya wofunda, madzi a mumpweyawo amakhala pagalasipo. Ndiye chitani izi. Mukadali panja, pukutani kamera ndi kathaulo, tulutsani memory card ndi batire ngati mukuzifuna, ikani kamerayo m'pulasitiki wopanda chiboo, finyani mpweya utuluke, mangani pakamwa zolimba. Mukalowa, iikeni pakona kutali ndi moto kapena mbaula, ndipo musamasule kwa maola awiri. Thukuta lidzagwira kunja kwa pulasitiki, kamera ili youma. Mukaigwira n'kumva kuti sikuziziranso, ndiye tsegulani. M'chikwama muziikamo timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Ku Down Shops mukapempha mwaulemu ena amangokupatsani. Tiyanikeni padzuwa lamphamvu musananyamuke. Za kuika kamera mu mpunga ine sindizikhulupirira, fumbi lake limalowa paliponse.

Pojambula penipeni, kamera ikhale pa tripod, miyendo yake mutaikanikiza m'nthaka chifukwa mphepo ya kumeneko imagwetsa. Ikani ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) pa 100, chiboo cha lenzi pa f/8 kapena f/11, ndipo jambulani RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yaona. M'nkhungu kamera imadetsa chithunzi, choncho onjezani kuwala ndi +1. Lens hood, kachotchinga kovekedwa kutsogolo kwa lenzi, isachoke, imatchinga madontho. Mvula ikalimba vekani kamera pulasitiki woboola kutsogolo, mumange ndi labala. Yang'anani galasi musanadine, dontho limodzi limaononga zithunzi za m'mawa wonse. Lenzi musasinthire panja.

Nkhungu ikatseka musachoke pagulu, zitunda za ku Nyika zimafanana zonse. Dikirani pomwepo, nthawi zambiri imatseguka kwa mphindi zochepa.

Mukafika kunyumba tulutsani zonse m'chikwama, muziyanike pamthunzi podutsa mphepo masiku awiri.