Tsegulani m'mbali mwa girinihausi, Julaye anapita kale

Maluwa a tomato akuyoyoka kwambiri chaka chino m'magirinihausi a alimi ang'onoang'ono ku Chongwe, ku Makeni ndi mbali ya Chilanga, madera ozungulira Lusaka. Mbewu ndi yobiriwira bwino, yakwera chingwe mpaka pachifuwa, koma pa phava lachitatu ndi lachinayi patsala timapesi tokha, maluwa achikasu ali mbwee pansi. Ena athamangira kale kushopu kukagula fetereza wopopera masamba, ena akudandaula kuti anawagulitsa mbewu yabodza. Pafupifupi paliponse pamene ndafika ndapeza chinthu chimodzimodzi: pulasitiki wa m'mbali ndi wotsitsa mpaka pansi, atamutsendereza ndi njerwa monga munkachitira mu Juni.

Mu Juni ndi Julaye munkachita bwino kutseka. Lusaka ili pamtunda wopitirira mamita 1,200, usiku kumazizira kwambiri, ndipo m'madambo chisanu chimatha kuwaula mbande. Koma kuyambira kumapeto kwa Ogasiti dzuwa limabwerera ndi mphamvu, ndipo Okutobala ndiye mwezi wotentha koposa kuno. Panja pakakhala madigiri 31 kapena 32, m'girinihausi yotseka mumadutsa 40 mosavuta ikamakwana 13 koloko. Mumakhala ngati m'minibasi yodzaza yotseka mawindo pa siteshoni ya Kulima Tower masana. Inu mumalowamo mphindi zisanu n'kutuluka thukuta lili kamukamu, tomato ndiye amaswera momwemo.

Tomato amabereka bwino masana akakhala pakati pa madigiri 21 ndi 27. Kutentha kukadutsa 32 kwa masiku angapo motsatizana mungu umayamba kuwonongeka, kukafika 35 kupita m'mwamba maluwa ambiri sagwira n'komwe. Duwa losalandira mungu wabwino limauma pakhosi n'kugwa. Chimene chimapusitsa alimi n'chakuti masamba saonetsa kanthu. Mbewu yothiriridwa bwino imaoneka yathanzi, mwina kungopinda masamba pang'ono masana, ndiye mwini amati zonse zili bwino mpaka tsiku limene adzawerenge zipatso.

Tiwerengere limodzi zimene mukutaya. Kuchokera pa duwa kufika pa tomato wakupsa pamapita masabata 6 mpaka 8. Duwa logwa mu Okutobala ndi tomato wa Disembala. Mvula ikayamba mu Novembala tomato wa pamtetete amagwidwa chiwawu ndi matenda ena a masamba, mabokosi amachepa pa msika wa Soweto, mtengo umakwera. Ndi chifukwa cha nyengo imeneyo munakongola ndalama zogulira pulasitiki, zitsulo ndi mapaipi a dripu othirira modontheza. Mukataya maphava awiri kapena atatu pa mbewu iliyonse mwataya zokolola zenizeni zimene zikanabweza ngongoleyo, ndipo phava logwa maluwa silidzaphukanso ngakhale mutathira fetereza wotani. Kuwonjezera apo, akangaude ofiira amaswana msanga kwambiri pamalo otentha ndi ouma. Tembenuzani tsamba lakunsi, mukaona timadontho totuwa ndi kaulusi kopyapyala, ndiye kuti ndalama zina zikupita ku mankhwala. Zipatso zochepa zimene zagwira nazonso zimayamba kuda kunsi kwake, chifukwa mbewu ikulephera kukoka madzi mofanana tsiku lonse.

Ndikafunsa chifukwa chotsekera, chimene chimanditopetsa ndi yankho lakuti amene anamanga girinihausi anatiuza kuti tizitseka. Anakuuzani liti? Ngati anamanga mu Meyi, ankanena za kuzizira kumene kunali kubwera. Ena amati akuopa Tuta absoluta. Mantha amenewo ndimawamvetsa, kagulugufe kameneka kavutitsa alimi a tomato kuyambira pamene kanalowa m'Zambia mu 2016. Koma girinihausi yomweyo imene mukuti mwatseka ili ndi chitseko chong'ambika ndi mabowo padenga olowa chibakera. Tuta amalowa bwinobwino, mpweya ndi umene mwautsekera kunja.

Mayi wina wa ku Chongwe, wolimbikira kwambiri, amanyamuka mbandakucha kukagulitsa repu ndi anyezi mutauni, kubwerako kwake ndi chakumadzulo. Mayiyu anauza mnyamata wothirira kuti asamakhudze pulasitiki, chifukwa nkhuku za aneba zinalowa tsiku lina n'kufukula mbande. Mnyamatayo anamvera. Mayiwo anali nayo ndithu temometa yoyezera kutentha, koma anaipachika pafupi ndi chitseko, chakunsi, pamene pamadutsa kamphepo, ndipo ankaiyang'ana m'mawa ndi madzulo okha. Titaisamutsira pakati pa mizere, molingana ndi maluwa, anangogwira pakamwa. Waya wotchingira nkhuku kuzungulira girinihausi yonse ndi wotchipa kuposa mabokosi amene anataya, ndipo anachita kuwerengera okha zimenezo ine ndisananene.

Nkhani ya kupopera mankhwala masana m'kati motentha chotero ndisaiyambe n'komwe. Mankhwala amawaula masamba, ndipo mwana amene mwamutuma ndi sipuleya kumsana akupuma zimenezo popanda mpweya wotuluka.

Zoyenera kuchita si zambiri. Pindani pulasitiki wa m'mbali zonse ziwiri, mita imodzi kapena kuposa, isanakwane 8 koloko m'mawa, ndipo nyengo yotenthayi musiyeni choncho ngakhale usiku, pokhapokha kukaomba chimphepo. Tsegulaninso kumapeto konse kuwiri, makamaka pamwamba, chifukwa mpweya wotentha umakwera. Pamalo otsegulawo ikani neti yotchinga tizirombo, koma muziitsuka, fumbi la Ogasiti ndi Sepitembala limaitseka maso. Amene angakwanitse ayale neti yamthunzi ya 30 kapena 40 peresenti pamwamba pa denga, pasiyidwe mpata pakati pa netiyo ndi pulasitiki. Amene ndalama zavuta asungunule laimu m'madzi apake mopyapyala kunja kwa denga, mvula ikabwera idzatsuka yokha. Thirirani m'mawa kwambiri, kukatenthetsa muwonjezere pang'ono chakumasana, ndipo malaiti akabwera usiku dzazani thanki, musadikire m'mawa kuti mudzapeze pampu ili zii. Pakati pa 9 ndi 11 koloko yendani m'mizere mukugwedeza zingwe kuti mungu ugwere pamalo pake. Letesi, sipinachi ndi repu zichotseni pansi pa pulasitiki nyengo ino, zimakula bwino pansi pa neti yamthunzi yokha. Ngati akangaude ayamba kale, thyolani tsamba limodzi, muike m'kapepala, mupite nalo kwa alangizi a m'dera lanu musanagule mankhwala alionse.