Mwagwira ntchito zaka zambiri koma simukuona kolowera?

Wina wafunsa kuti: "Ndili ndi zaka zoposa 10 pantchito, luso ndili nalo, koma mtima sukukhazikika. Ndiyambire pati?"

Kalata yosiya ntchito idikire kaye. Yambani ndi kulemba zonse zimene munachita chaka chathachi, n'kusiyanitsa zimene zinkakusangalatsani ndi zimene zinkakulemetsani. Apa musafulumire. Kawirikawiri chotopetsa sichikhala ntchitoyo ayi, koma bwana, malipiro, kapena kubwereza zomwezomwezo popanda chatsopano chophunzira. Ngati vuto ndi bwana, kusintha ntchito yonse n'kungotaya luso lanu pachabe; sinthani malo basi.

Kenako funsani anzanu amene munagwira nawo ntchito kuti amakudalirani pa chiyani. Zimene inu mumaziona ngati zophweka, ena amavutika nazo.

Mukatero sankhani njira ziwiri zokha, ndipo mucheze ndi anthu amene ali kale m'njirazo. Afunseni za tsiku lawo wamba, osati za udindo. Yesani pang'ono musanalowe ndi miyendo yonse: kosi yaifupi, kapena kupempha gawo lina kuntchito komweko. Werengeraninso miyezi imene mungakhale osalandira malipiro.

CV ndi LinkedIn (tsamba la pa intaneti lofunirapo ntchito) muzikonze pomaliza, mutadziwa ntchito imene mukuifuna.