Momwe mungaikire Recoll pa Linux kuti muzisaka mawu ali mkati mwa mafayilo

Ine ndili ndi kashopu kolembera anthu makalata, ma CV ndi kuchita fotokope kuno ku Chilenje, ndipo kompyuta yanga ya Linux Mint inadzaza ndi mafayilo a mayina ngati "kalata final", "kalata final 2", "Document1". Mwezi watha amayi ena anabwera ati mwanawanga ndipezereni kalata ya nyumba ija munandilembera zaka zitatu zapitazo, ine thukuta kamukamu kutsegula fayilo imodziimodzi mpaka malaiti anathima, amayi nkupita opanda kanthu. Vuto ndi loti mu file manager ndinkangosaka ndi dzina chabe, pomwe ine ndimakumbukira zomwe zinali mkati. Mankhwala ake ndinawapeza, dzina lake Recoll. Ndi pulogalamu yaulere, anailemba Jean-François Dockes wa ku France, imawerenga mawu onse a mu PDF, Word, LibreOffice, ma imelo ngakhale za mu zip nkuwasunga mu index (mndandanda wa mawu ndi mafayilo omwe alimo) yopangidwa ndi pulogalamu yosakira yotchedwa Xapian, ndiye mukalemba liwu limodzi imakubweretserani mafayilo onse omwe muli liwulo. Intaneti imafunika poika basi, posaka bando yanu siikhudzidwa.

Yambani ndi njira yachidule. Pa Ubuntu, Mint kapena Debian tsegulani terminal mulembe:

sudo apt install recoll poppler-utils antiword unrtf

A Fedora ndi sudo dnf install recoll, a FreeBSD ilimo mu ma ports. Zinazo ndawonjezera dala chifukwa Recoll payokha mafayilo ena siiwerenga, imatuma timapulogalamu tina: poppler-utils muli pdftotext wowerenga ma PDF, antiword ndi wa ma .doc akale aja, unrtf wa RTF. Mukaziiwala siidandaula mokweza ayi, imangosunga dzina la fayilo nkusiya zamkati, inu muzingodabwa kuti bwanji sikupeza. Zomwe zikusowa imazilemba mu ~/.recoll/missing, muzisuzumiramo.

Kwa ambiri apa pakwana, pitani pansi pa za index. Koma ngati distro yanu (mtundu wa Linux womwe muli nawo) ndi yakale ndipo mukufuna Recoll yatsopano, kapena muli pa makina omwe alibe package, mumanga nokha kuchokera ku source. Sizoopsa, chimatopetsa ndi kusonkhanitsa zomangira.

Choyamba chotsani ija ya apt ngati munaika kale, ziwiri zikakhala pamodzi simudziwa yomwe ikutseguka. Kenako zomangira: g++, meson, ninja-build, pkg-config, libxapian-dev, libxslt1-dev, zlib1g-dev ndi za Qt za mawindo. M'malo mozisaka chimodzichimodzi ine ndimayatsa ma deb-src mu Software Sources, sudo apt update, kenako

sudo apt build-dep recoll

yokha imakoka pafupifupi zonse. Chenjezo, za Qt ndi zolemera, osayesa ndi kabando ka tsiku limodzi, pezani Wi-Fi kapena dikirani bando ya usiku.

Tengani fayilo ya tar.gz pa webusaiti ya Recoll, imasuleni ndi tar xzf, lowani mu foda yake ndi cd, ndiye muchite ls muone kaye. Mukaona meson.build ndiye kuti ndi zatsopanozi:

meson setup build
ninja -C build
sudo ninja -C build install

Mukaona configure ndi zakale zija, ./configure kenako make kenako sudo make install. Pa meson setup ndi pomwe anthu amagwa ulesi chifukwa imaima ndi ma error ofiira, koma werengani mzere womaliza, imatchula dzina la chomwe chasowa, inu ikani package ya dzinalo yothera ndi -dev nkubwerezanso. Ine ndinabwereza katatu. Gawo la ninja pa laputopu yakale limatenga nthawi ndipo fani imalira ngati chigayo, choncho onani kaye ndandanda ya load shedding ya kwanu musanayambe, ngakhale malaiti akapita pakati sikuti zaonongeka, ninja imapitiriza pomwe inalekera. Mukamaliza nkulemba recoll koma ikudandaula kuti library siikupezeka, chitani sudo ldconfig.

Manje index. Mukatsegula Recoll koyamba imafunsa ngati iyambe kuwerenga, musathamangire kuvomera, payokha imameza home yonse ndi mafilimu omwe. Lowani mu indexing configuration kapena tsegulani ~/.recoll/recoll.conf mulembe mafoda omwe mukufunadi:

topdirs = ~/Documents ~/Makalata
skippedPaths = ~/Documents/mavidiyo

Kenako recollindex mu terminal, nkupita kukadya nsima. Ulendo woyamba ndi wautali, maulendo otsatira imangowerenga zomwe zasintha. Index imakhala mu ~/.recoll/xapiandb ndiye disiki ikhale ndi malo. Mukaika ka helper katsopano (timapulogalamu tija ngati antiword) kapena zinthu zikasokonekera, recollindex -z imafufuta index nkuyambanso. Ilipo recollindex -m yomwe imakhala tcheru nthawi zonse, ine sindiikonda pa makina ofooka, ndinangoika recollindex wamba mu crontab (ndandanda ya ntchito zoyenda zokha) kuti iziyenda 13 koloko pomwe kulibe makasitomala.

Apa ndi pomwe ife olemba Chinyanja tiyenera kusamala. Recoll imadziwa kuti mu Chingerezi pay, pays ndi paying ndi liwu limodzi chifukwa Xapian ili ndi ma stemmer a zilankhulo ngati Chingerezi, Chifalansa ndi Chijeremani, koma wa chilankhulo chathu mulibe, komanso mawu athu amasinthira kutsogolo. Mukasaka sukulu siikupatsani kusukulu, pasukulu kapena masukulu, kwa iyo ndi mawu anayi osadziwana. Ikani nyenyezi kutsogolo, *sukulu, onse abwera, kungoti imachedwako pang'ono chifukwa iyenera kuyendera mawu onse a mu index. Pa ma verebu ikani mbali zonse, *lipir* igwira analipira, kulipira ndi adzalipiridwa. Chabwino nchoti ka ŵ sikavuta, Malaŵi ndi Malawi imawatenga ngati amodzi.

Mu query language (kasakidwe ka Recoll kolola timalamulo) mungathenso kupanikiza: ext:pdf kuti ibweretse ma PDF okha, dir:Makalata foda imodzi, mawu awiri mu ma quote kuti akhale oyandikana, ndi ka minus kutsogolo kwa liwu lomwe simukulifuna. Mapepala ochita sikani aja ndi zithunzi chabe mulibe mawu, kuti awerengedwe pamafunika tesseract (pulogalamu yowerenga mawu pa zithunzi) ndi pdfocr = 1 mu recoll.conf, koma index imachedwa kwambiri, ine ndinasiya.

Amayi aja atabweranso ndinawafunsa chomwe akukumbukira mu kalatamo, ati nyumba inali ya ku Kabwata ndipo munali za lendi. Ndinalemba Kabwata *lendi, mafayilo anayi, yawo yachiwiri. Dzina lake linali "Document1 (7)".