Timu yapulumuka ku ngongole: zoyenera kuchita isanayambe kulota za Super League

Timu ikangotuluka m'mavuto a zachuma, msonkhano woyamba wa komiti ndiwo umaopsa. Mwini kosita walipidwa, osewera alandirako kangachepe, ndipo wina waimirira kale kunena kuti chaka chino tikwera ligi basi. Inu akuluakulu a komiti, chilakolako chimenecho chigwireni kaye kwa sizoni imodzi yathunthu. Luso kuno ku Mangochi lilipo, kuyambira ku Makanjira, Namwera mpaka ku Monkey Bay. Chimene chimagwetsa matimu athu ndi kulonjeza ndalama zomwe sizinalowe m'thumba. Ukonde wong'ambika amausokera pamtunda, osati pakati pa nyanja.

Yambani ndi kufukula ngongole zonse, ngakhale mukuganiza kuti zatha. Gulani buku limodzi lachikuto cholimba ndipo pa ngongole iliyonse mulembe zinayi: mwini wake, kuchuluka kwake, tsiku lomwe idatengedwa, ndi umboni womwe ulipo. Zikuluzikulu aliyense amazikumbukira. Zomwe zimabisala ndi za mayi amene ankaphikira anyamata pa kampu, wochapa majezi, malo ogona omwe timu idachokapo m'bandakucha, chindapusa cha makadi, ndi ndalama yolembetsera mu ligi yomwe idaperekedwa theka. Lengezani pamsonkhano wa masapota kuti aliyense amene timu ili naye ngongole abwere ndi umboni pasanathe masiku 30, kenako tsekani mndandandawo.

Pobweza pali ndondomeko yake. Katapila ayambe kuchoka, chifukwa ndi yekhayo amene amakula usiku ndi usana. Kenako za ku bungwe loyendetsa ligi, popeza zimenezi zikhoza kukulepheretsani kulembetsa osewera. Kachitatu, malipiro a osewera. Malamulo a FIFA amalola wosewera wa kontrakiti amene sanalipidwe miyezi iwiri kuthetsa kontrakitiyo, bola alembe kalata yopatsa timu masiku 15 kuti ilipire. Ndiye kuti mukazengereza, mnyamata amene mukanamugulitsa achoka ulere. Omaliza ndi akomiti amene adatapa m'matumba mwawo. Amenewa apirire, koma alemberedwe pepala losonyeza kuti azilandira zingati pamwezi, chifukwa ngongole ya pakamwa ya wapampando ndiyo imasanduka mkangano wa umwini wa timu.

Thumba la timu lisiyane ndi thumba la munthu. Lembetsani timu kwa Registrar General, kaya ngati kampani kapena pansi pa matrasti, mutenge TPIN (nambala ya olipira msonkho) ku MRA, ndipo mutsegule akaunti ku banki m'dzina la timu. Osayinira akhale atatu, ndipo ndalama izituluka pakasayina awiri. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolandirira zopereka isakhale ya m'foni ya wapampando kapena msungichuma. Munthu akakwiya n'kutula pansi udindo amapita ndi foni yake, masapota n'kumatumizabe ndalama komweko.

Tsopano bajeti, pomwe pagona nkhani yonse. Gawani ndalama zoyembekezeka m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi zotsimikizika: zomwe zili pa mgwirizano wosayinidwa, ndi zopereka za mamembala zomwe zidalowadi chaka chatha. Gulu lachiwiri ndi zongoyembekezera: mphoto za zikho monga FDH Bank Cup kapena Castel Challenge Cup, kugulitsa wosewera, malonjezo a andale, ndi za pageti pa masewero akuluakulu. Bajeti imangidwe pa gulu loyamba lokha. Za gulu lachiwiri zikabwera, theka lipite ku ngongole, theka lisungidwe.

Kwa timu ya ku Mangochi, chodya ndalama kwambiri ndi msewu. Werengani masewero onse akoyenda, ndipo uliwonse muulembere makilomita ake. Kupita ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, kutanthauza 380 kupita ndi kubwera. Kosita yodzaza imamwa pafupifupi lita imodzi ya dizilo pa makilomita 6 kapena 7, choncho ulendowu ufuna malita ngati 60, musanawerengere hayala ya galimotoyo ndi chakudya cha anthu 25. Bajeti ya maulendo muilembe m'malita, osati m'makwacha okha. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo zikatero bajeti yolembedwa m'makwacha okha ikhoza kutha sizoni ili pakati. Pa ulendo wa ku Liwonde, Balaka kapena Zomba musagone. Nyamukani m'mawa, mutenge mpunga kapena ufa ndi ndiwo zanu, anyamata adye maola atatu masewero asanayambe, n'kubwerera tsiku lomwelo. Onetsetsaninso kuti m'galimoto mwakwera okhawo olembedwa: osewera 18, kochi ndi womuthandiza, wazachipatala, timu manejala ndi wosamalira zida. Akomiti ena ofuna kukaonera adzilipirire okha.

Musadalirenso munthu mmodzi, ngakhale akhale wamtima wabwino chotani. Wanderers, timu ya masapota dziko lonse, idavutika pomwe kampani ya Be Forward idasiya kuithandiza mu 2021, mpaka pomwe anthu ena abizinesi motsogozedwa ndi a Thomson Mpinganjira adalowererapo. Nanga timu ya m'boma ingapirire bwanji? Funani othandiza asanu kapena asanu ndi mmodzi ang'onoang'ono, ndipo pasakhale amene akupereka zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a bajeti. Ambiri savuta kupereka katundu kusiyana ndi ndalama: malo omwetsera mafuta apereke malita akutiakuti pamwezi, mwini golosale apereke madzi ndi shuga, malo ogona alendo a m'mbali mwa msewu wa Monkey Bay agule jezi yolembedwa dzina lawo. Chilichonse chilembedwe, kwa chaka chimodzi, ndipo pakutha pa mwezi muziwatumizira tsamba limodzi losonyeza zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka. Wothandiza amathawa msanga akamangoonana nanu tsiku lopempha.

Zopereka za mamembala zitsate nyengo. Ndalama ya msodzi ndi wogulitsa nsomba imachepa mwera ukamawomba m'miyezi yozizira komanso nyanja ikatsekedwa kumapeto kwa chaka. Tolerani za chaka chonse pomwe usipa ukuphedwa wambiri, ndipo alimi a kumtunda muwafikire akangokolola. Khadi la umembala likhale ndi nambala, ndi risiti yake.

Pageti, matikiti akhale a manambala otsatizana. Wogulitsa akhale wina, wong'amba wina, ndipo masewero akangotha awerenge zotsalira pamaso pa msungichuma ndi nthumwi ya masapota. Musanakasewerere pa Mangochi Stadium, werengani kaye mtengo wa bwalo, apolisi ndi oimbira masewero, muone ngati anthu obwera angakwanitse kubweza zimenezo.

Osewera asapitirire 25. Malipiro ndi mabonasi onse pamodzi asapose theka la ndalama zotsimikizika zija. Ndi bwino kulonjeza bonasi yochepa yomwe iperekedwe Lolemba lililonse kusiyana ndi yaikulu yomwe izingowunjikana, chifukwa kunyanyala maphunziro kumayambira pamenepo. Ndalama yosayinira musaipereke yonse nthawi imodzi. Igaweni pawiri, ina poyamba, ina ligi ikafika pakati. Kochi naye akonze pulogalamu yoganizira anthu ake: Lachisanu masana ambiri amakhala ku mzikiti, m'mwezi wa Ramadan maphunziro apepuke ndipo achitike chakumadzulo, ndipo mu October ndi November dzuwa la kuno silolola kuthamanga masana.

Chuma chenicheni cha timu yosauka ndi ana. Khazikitsani timu ya osapitirira zaka 17, ndipo mwana aliyense alembetsedwe m'kaundula wa FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, ndi tsiku lake lenileni lobadwa, pogwiritsa ntchito satifiketi yobadwira kapena chiphaso cha unzika kwa amene akwanitsa zaka 16. Chifukwa chake n'chakuti wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, FIFA imalamula kuti 5 peresenti ya mtengowo igawidwe kwa matimu amene adamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Timu yomwe sidamulembetse ilibe poyambira, ngakhale mudzi wonse uchitire umboni kuti adakulira pa bwalo lanu. Pogulitsa mnyamata ku timu yaikulu ya ku Blantyre kapena Lilongwe, lembani mu mgwirizano kuti akadzagulitsidwanso mudzalandire gawo, monga 10 kapena 20 peresenti. Wosakwana zaka 18 sangasayine kontrakiti yopitirira zaka zitatu, ndipo makolo ake akhalepo posayina.

Za kukwera ligi muzikambirane mutaona mtengo wake. Super League ili ndi matimu 16, kutanthauza masewero 15 akoyenda, ena mpaka ku Mzuzu ndi Karonga. Ku Karongako kuchokera kuno ndi makilomita opitirira 700 ulendo umodzi, ndi kugona kosachepera kuwiri. FAM imaperekanso laisensi itaunika zinthu zisanu: zamasewero kuphatikizapo timu ya achinyamata ndi mapepala a kochi, bwalo, ogwira ntchito mu ofesi, kulembetsedwa mwalamulo, ndi mabuku a zachuma. Tumizani kochi wanu ku maphunziro a CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, panopa, ndipo mabuku a chaka chino aunikidwe ndi wowerengera chuma wa kunja kwa komiti. Komiti ivomereze kugula osewera okweza timu pokhapokha zitatu izi zitachitika: sizoni yathunthu yatha popanda wosewera wodandaula za malipiro, ku banki kuli ndalama yokwanira kuyendetsa timu miyezi itatu, ndipo othandiza asayinira kale mafuta a maulendo a kumpoto.