Kuchepetsa phokoso pojambula mbale zakale za mono mu kompyuta

Achimwene a ku Kasungu mwafunsa chochita kuti mbale za nyimbo za agogo anu zisamveke kuthetheka mukazijambula mu kompyuta. Yambani ndi kutsuka, poti fumbi la m'chilimwe limakhazikika m'mizere. Madzi otchezedwa (distilled water) ndi kansalu kofewa zikwanira. Ngati ndi mbale ya 78 ija yolemera (yozungulira ka 78 pa mphindi), musayiyandikize ndi spiriti, poti spiriti imadya shellac, utomoni umene anapangira mbale zimenezi. Imafunanso singano yakeyake, yokulirapo kuposa ya LP, mbale ya pulasitiki yokhala ndi nyimbo zambiri.

Mukamva "mmmm" wosalekeza, ndi magetsi athu a 50 Hz. Mangani kawaya ka ground kuchokera pa choyimbira mbale kupita ku amplifaya.

Jambulani mu stereo (mbali ziwiri, kumanzere ndi kumanja) ngakhale nyimboyo ndi ya mono (mbali imodzi), musunge ngati fayilo ya WAV. Mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu pa kompyuta, yambani ndi Click Removal (yochotsa kuthetheka) mbali zonse ziwiri zikadali padera, kenako muziphatikize kukhala mono. Apa mpamene phokoso lina limachepa lokha, chifukwa nyimbo imafanana mbali zonse koma kukanda kumasiyana.

Noise Reduction, yochepetsa phokoso losalekeza, ibwere pomaliza. Tengani chitsanzo cha phokoso pakati pa nyimbo ziwiri, muchepetse pang'ono chabe. Mukapyola muyeso, woyimba amamveka ngati ali m'chitsime.