Nkhope ikapotoka mwadzidzidzi: momwe mungachitire mafizo kunyumba

M'mawa wina mlamu wanga wa ku Chinamwali akumwa tiyi anangoona akudontha pambali pa mlomo. Atadziyang'ana pagalasi anapeza mbali yakumanzere ya nkhope yagwa, diso silikutsekeka. Abale ena anayamba kale kunong'onezana zoti walodzedwa. Ayi ndithu. Madokotala amati Bell's palsy: mtsempha woyendetsa minofu ya nkhope, womwe umadutsa m'kanjira kothina m'fupa la kukhutu, umatupa n'kupanikizika.

Choyamba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Matawale kaya ku Zomba Central Hospital. Nkhope yopotoka imathanso kukhala chizindikiro cha sitiroko, makamaka ngati dzanja kapena mwendo wafooka, kapena mawu akusokonekera. Zikatero musadikire kuti kuche. Ngati ndi Bell's palsy, mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa prednisolone amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72. Auzeni adokotala ngati muli ndi shuga, ngati ndinu oyembekezera, kapena ngati m'khutu mwatuluka timatuza ngati ta mashingozi. Musachoke musanafunse za kumafizo kuti akakuonetseni zochita maso ndi maso.

Chachiwiri ndi diso, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa chifukwa maganizo onse amakhala pa mlomo. Diso losaphethira limauma, likhoza kuchita chilonda. Masana muzidonthezamo mankhwala onyowetsa omwe akupatsani. Pokwera kabaza kapena podutsa m'fumbi la ku Mpondabwino valani magalasi. Usiku tsitsani chikope ndi chala choyera n'kuchimata ndi pulasitala yofewa.

Tsopano mafizowo. Sambani m'manja, khalani pampando, galasi patsogolo. Nyikani kansalu m'madzi ofunda, osati otentha, n'kukaika patsaya kwa mphindi zingapo. Kenako sisitani ndi nsonga za zala, kuchokera pachibwano kukwera kutsaya, kuchokera pansidze kukwera pachipumi. Musakande ngati mukukanda ufa wa mandasi. Dzanja likhale lopepuka.

Mukatero yesani izi, chilichonse kasanu: kwezani nsidze ngati mwadabwa, tsekani maso modekha, kwinyani mphuno, mwetulirani milomo ili yotseka, songolani milomo ngati mukuimba likhweru. Mbali yofookayo ithandizeni ndi chala, ifike pomwe yafika inzake. Milomo ikayamba kugwira, dzazani mpweya m'masaya, ndipo nenani mwachifatse kuti "pa, ba, ma". Chitani katatu patsiku, kwa nthawi yochepa.

Chomwe ndikufuna mumvetse n'chakuti mphamvu si mankhwala. Mlamu wanga ankafuna kumwetulira mpaka mano onse aoneke, koma mbali yabwinoyo ndi yomwe inkakoka nkhope yonse. Galasi ntchito yake n'kuonetsetsa kuti mbali ziwirizi zikuyenda mofanana, ngakhale kuyendako kukhale kwakung'ono bwanji. Mukaona kuti pomwetulira diso likutsinzina lokha, kapena potseka diso mlomo ukukokeka, lekani kaye mukawauze a mafizo. Ndi chizindikiro chakuti mtsempha pochira ukusokoneza njira zake, ndipo kukakamiza kumangoonjezera vutolo.

Pakudya, yambani ndi zofewa monga phala ndi mbatata yophika, n'kumatafunira mbali yabwino. Mukatha chukuchani mkamwa, poti nsima imabisala m'tsaya lofookalo inu osadziwa.

Ambiri amayamba kuona kusintha m'masabata atatu, ndipo ochuluka amachira pakati pa miyezi itatu ndi isanu ndi umodzi. Dzijambuleni pafoni Lamlungu lililonse, chifukwa kusintha kwa tsiku ndi tsiku sikuoneka ndi maso. Masabata atatu akatha popanda kugwedezeka kulikonse, kapena diso likafiira n'kumapweteka, bwererani kuchipatala.