Momwe mungapangire yisiti yanu pakhomo ndi kuisunga isafe

Amene amaphika mabanzi kapena mandazi ogulitsa akudziwa kuwawa kwa kapaketi ka yisiti kokhalitsa m'golosale. Mwakanda ufa wonse, mwadikira maola awiri, koma osafufuma ngakhale pang'ono. Choncho musanathire yisiti iliyonse mu ufa, iyeseni kaye: supuni yaing'ono m'theka la kapu ya madzi ofunda, ndi kashuga pang'ono. Pakatha mphindi 10 pazikhala thovu. Madziwo akhale ngati osambitsira khanda, chifukwa yisiti ndi chamoyo, mbale wake wa bowa, ndipo madzi otentha amaipha.

Ngati muli pafupi ndi bekare, funsani ngati angakugulitseni chidutswa cha yisiti yaiwisi, yofewa ija yonyenyeka m'manja. Pamene mumathira magalamu 10 a youma, yaiwisi thirani 30. M'filiji imatha pafupifupi masabata awiri, mutaikulunga bwino.

Koma mungathenso kudziwetera yanu, pakuti mu ufa wa tirigu muli kale yisiti yachilengedwe. Amene anaonapo thobwa likuwira lokha m'ndowa likagonera sangadabwe.

Tsukani botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu. Thiranimo masupuni 6 a ufa wa tirigu ndi 4 a madzi, mutakase mpaka zikhale ngati phala lolimbirako. Ufa wa bulawuni umayamba msanga kuposa woyera. Madzi a pampopi agone kaye m'chidebe chosavindikira, kapena muwawiritse azizire, kuti kolorini achepe. Vindikirani ndi kansalu, musatseke zolimba, ndipo ikani pamthunzi.

Mawa lake tayani theka, muthire ufa ndi madzi muyeso womwe uja. Chitani choncho tsiku ndi tsiku. Kutayako kumapweteka mtima, ufa wake wodula chonchi, koma mukasunga zonse chakudya sichiikwana ndipo imangowawasa. Ine zotayazo ndimazithira mu ufa wa zitumbuwa.

Tsiku lachiwiri kapena lachitatu imachita thovu lambiri n'kununkha moipa, kenaka n'kukhala zii ngati yafa. Ambiri amataya apa. Pitirizani kuidyetsa. Pakati pa masiku 7 ndi 14 idzayamba kukwera kawiri msinkhu wake pakangopita maola ochepa mutaidyetsa, fungo lake ngati la chambiko. Mangani labala pabotolo kuti muzionera pomwe inayambira. Kukatentha ngati mu Okutobala, idyetseni m'mawa ndi madzulo. Mu Juni imachita ulesi, iyandikizeni kumbaula, osati pamoto.

Pophika, kapu imodzi imakwana theka la kilogalamu ya ufa, koma kufufuma kwake n'kwa maola 6 kapena kuposa, ndiye kandani usiku. Siyani yotsala m'botolo ya mbewu.

M'filiji idyetseni kamodzi pa sabata. Timadzi totuwa pamwamba ndi njala chabe, tsanulani n'kuidyetsa. Mukaona nkhungu kapena mawanga ofiirira, tayani zonse.

Poti magetsi sapanganika, yanikaniko ina. Pakani pang'ono pambale mopyapyala, iume gwa pamthunzi, muinyenye n'kuitsekera m'kabotolo kouma. Imakhala miyezi yambiri. Tsiku loifuna, vikani m'madzi ofunda ndi kaufa, muidyetse masiku atatu kapena anayi, idzadzuka.